Nazale imene khonsolo inaitseka ikudyetsa anthu ku London

Sitima yochoka pa siteshoni ya Liverpool Street, pakatikati pa mzinda wa London, imatenga pafupifupi theka la ola kuti ikafike ku Chingford, kumene njanji imathera. Kuseri kwa nyumba zomalizira za dera limeneli kumayambira nkhalango ya Epping, ya maekala pafupifupi 6,000, imene lamulo la mu 1878 linaiteteza kuti isagawidwe mapuloti. Pamalire a nyumbazo ndi nkhalangoyo pali malo a maekala 12 otchedwa Hawkwood. Kwa zaka zambiri malowa anali nazale ya khonsolo ya Waltham Forest, kumene ankafesa maluwa ndi timitengo tokabzala m'mapaki, m'mphepete mwa misewu ndi pa maraundabauti. Kenako khonsolo inatseka geti, antchito n'kubalalika.

Lero pa Hawkwood pamatuluka matumba a ndiwo zamasamba, tomato, nkhaka, tsabola, nyemba ndi zipatso. Olima ake ndi a OrganicLea, kopaletivi imene eni ake ndi antchito omwewo, yopanda bwana mmodzi wolamula anzake. Gululi linayamba mu 2001 pa kadimba kena ka ku Chingford komweko kamene kanali katasanduka tchire, ndipo mu 2009 linalowa m'nazale yotsekedwayo litagwirizana ndi khonsolo za lendi. Anapezamo nyumba ya magalasi ya theka la ekala, mashedi, misewu ya mkati, mapaipi a madzi ndi magetsi. Kwa mlimi wongoyamba kumene zimenezi ndi chuma chosasimbika. Chimene chinkasowa ndi chimene mlimi aliyense amayambira: nthaka yamoyo.

Nazale za makhonsolo sizinafe ndi ukalamba. Mu 1988, boma la Margaret Thatcher linakhazikitsa lamulo lokakamiza makhonsolo kuti ntchito monga yosamalira mapaki aziipikisanitsa ndi makampani. Kampani ikapambana sinkafuna kusunga nazale ndi antchito ake chaka chonse pamene ikanatha kuitanitsa mbande zotchipa kwa alimi akuluakulu, ambiri a iwo a ku Netherlands, n'kubwera pa lole zitaphuka kale. Nazale zinayamba kutsekedwa imodziimodzi. Kudula bajeti kumene kunayamba mu 2010 kunadzamalizitsa zambiri mwa zotsalazo. Malo oterewa m'mizinda amathera m'manja mwa omanga nyumba, chifukwa ekala imodzi ya mu London ikagulitsidwa imabweretsa ndalama zimene kabichi sangazibweze ngakhale atalimidwa zaka zana.

Hawkwood inapulumuka, ndipo inapulumukira pamalo oyenera. Chigwa cha mtsinje wa Lea, umene umatsika kuchokera kumpoto n'kukathira mu Thames, chadyetsa London kwa zaka mazana ambiri. Pofika m'ma 1930 kunalibe dera lina padziko lonse lokhala ndi nyumba za magalasi zochuluka ngati chigwachi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mabanja ochokera ku Italy, makamaka ku Sicily, anabwera kudzagwira ntchito m'magalasimo, ena n'kudzagula mafamuwo, ndipo mpaka pano gawo lalikulu la nkhaka zolimidwa ku Britain limachokera kwa ana ndi adzukulu awo. Dzina la OrganicLea likunena za mtsinje womwewo.

Munthu wosadziwa angaganize kuti malo amene analimidwapo maluwa kwa zaka zambiri ndi achonde kale. Si choncho. Aliyense amene anaonapo nazale ya mitengo akudziwa kuti mbande sizimera pansi, zimamera m'machubu ndi m'miphika, m'dothi lochita kubweretsa. Pansi pa nazale ndi poimikapo zinthu basi. Eni ake amapathira simenti, miyala yophwanya kapena chipepala chakuda cha pulasitiki, n'kumapoperapo mankhwala kuti pasamere udzu. Mawilibala, mathirakitala ndi mapazi a antchito zimapatsindira chaka ndi chaka mpaka polimba gwa. Feteleza wosungunula m'madzi amene ankathirira miphika amadontha n'kusiya mchere, ndipo m'nyumba ya magalasi mvula siifika kuti iutsuke. Malowo akasiyidwa, minga ya mabulosi akutchire imabwera n'kukuta zonse, miphika yosweka ndi zidutswa za magalasi n'kubisala pansi pake.

N'chifukwa chake ntchito yoyamba pamalo oterewa si kubzala. Ndi kutola zinyalala, kuzula minga, ndi kutumiza dothi kukapimidwa, chifukwa nthaka ya m'mizinda yakale imatha kukhala ndi mtovu ndi zotsalira za mankhwala amene analetsedwa kalekale. Lamulo nalo silithamanga. Kuti bungwe ngati Soil Association, limene linakhazikitsidwa mu 1946, livomereze kuti masamba a pamunda alimidwa popanda feteleza ndi mankhwala a m'fakitale, mundawo umayenera kudikira zaka ziwiri ukutsatira malamulo onse, koma zokolola zake zisanaloledwe kugulitsidwa ndi chizindikirocho. Zaka ziwirizo mlimi amadya thukuta lokha.

Dothi la dera la Chingford ndi makande olemera. M'nyengo yozizira limamata ku nsapato mpaka munthu kulephera kunyamula phazi, ndipo m'chilimwe limang'ambika ming'alu yolowa zala. Alimi osamala za nthaka amadziwa kuti kulitembenuza lili lonyowa n'kuliwononga: limauma zibuma zimene sizisweka mpaka chaka chinacho. Njira imene yafala pakati pa alimi ang'onoang'ono a masamba ku Britain, ndipo Charles Dowding wa ku Somerset ndiye waitchukitsa kwambiri, ndi yosalima n'komwe. Amayala makatoni pamwamba pa udzu, n'kuthira kompositi wokhuthala pamwamba pa makatoniwo, n'kubzala mu kompositimo. Udzu umafa ndi mdima. Nyongolotsi zimakwera kudzadya, n'kumakokera manyowa pansi, ndipo mauna amene zimasiya ndi amene madzi ndi mizu zimadzeramo. Pakatha zaka zingapo, dothi limene linkathyola khasu limafumbutuka m'manja.

Koma kompositi wochuluka choncho achokera kuti? Funso limeneli ndi limene limasiyanitsa ulimi wogwirizana ndi chilengedwe ndi ulimi wongosintha sitolo yogulako zipangizo. Alimi a ku Britain anaphunzira movutika mu 2008, pamene anthu ambiri a madimba anaona mbatatesi, tomato ndi nyemba zawo zikupinda masamba ngati nkhonya, nsonga zitapotana, osabereka. Gwero lake linali manyowa a ng'ombe ndi akavalo. Ziwetozo zinadya udzu wopoperedwa mankhwala otchedwa aminopyralid, amene amadutsa m'mimba mwa chiweto osawonongeka n'kukhalabe amphamvu m'ndowe. Munthu amene sanagwirepo botolo la mankhwala anapha munda wake ndi manyowa amene anachita kupempha kwa mnzake. Kuyambira pamenepo alimi ochenjera amayamba afesa nyemba zingapo mumphika wa manyowa achilendo n'kudikira masabata angapo kuti aone masamba ake, asanamwaze manyowawo m'munda.

Njira yodalirika ndi kulima chonde pamunda pomwepo. Nazale yosiyidwa ili ndi mwayi pamenepa, chifukwa si malo onse amene amafunika kubzalidwa masamba. Ku Hawkwood mbali ina ya maekala 12 aja ndi mitengo ndi thengo, ndipo masamba ogwa, nthambi zodula ndi zotsalira za m'munda zimabwerera pa mulu wa kompositi. Mabedi amene akupuma amafesedwa mbewu zongokonzera nthaka: clover ndi vetch, zimene ndi za mtundu wa nyemba, pamodzi ndi rye amene mizu yake imaboola dothi lolimba n'kuligwira kuti mvula ya m'nyengo yozizira isakokolole chakudya cha mbewu. Munthu akazula clover n'kuyang'anitsitsa mizu yake amaona timaphundu tating'onoting'ono. Akatswanya kamodzi ndi chikhadabo n'kupeza mkati muli mofiirira, ndiye kuti tizilombo tokhala m'menemo tikugwira ntchito yokoka nayitirojeni wa mumpweya n'kumusunga m'nthaka. Ndi ntchito yomweyo imene nandolo ndi mtedza zimagwira m'minda ya alimi a ku Ekwendeni, kumene bungwe la Soils, Food and Healthy Communities lakhala likuyesa kasakaniza wa mbewuzi pamodzi ndi alimi kuyambira mu 2000.

Palinso chomera cha masamba akuluakulu aubweya chotchedwa comfrey, chimene sichisowa m'madimba a ku Britain. Mtundu wake wofala, Bocking 14, unasankhidwa m'ma 1950 ndi Lawrence Hills pa mudzi wa Bocking ku Essex, ndipo ubwino wake ndi woti subereka njere zomwazika paliponse. Mizu yake imapita pansi kwambiri, masamba ake amadulidwa kangapo pachaka. Akawaviika mu mgolo kwa masabata angapo amatulutsa madzi akuda onunkha koopsa, koma odzaza ndi potashi amene tomato amamufuna akayamba maluwa.

Nyumba ya magalasi ndiyo mphatso yaikulu imene nazale imasiyira mlimi, komanso ndiyo mtolo wake wolemera. Magalasi amasweka ndi mphepo, zitsulo zotsekulira mazenera a padenga zimachita dzimbiri, ndipo kukonza kwake kumafuna ndalama ndi munthu wosaopa kukwera. Komabe popanda iyo, tomato, nkhaka ndi tsabola sizingadalirike m'dziko la dzuwa lochepa chonchi. M'chilimwe imadzaza ndi mbewu zokonda kutentha zitakwera pa zingwe mpaka kudenga. M'nyengo yozizira, ngakhale osaitenthetsa, imasunga masamba opirira chisanu, ndipo kuyambira mu February matebulo ake amadzaza ndi mathireyi a mbande za munda wonse. Denga lake ndi chitsime. Ambiri amadabwa kumva kuti ku London kumagwa mvula ya mamilimita pafupifupi 600 pachaka, yochepa poyerekeza ndi ya ku Lilongwe, kungoti imagwa pang'onopang'ono chaka chonse. Ngakhale ili yochepa choncho, denga la theka la ekala lingathe kusonkhanitsa malita oposa 1 miliyoni pachaka ngati pali migula ndi mathanki okwanira.

M'magalasi ofunda tizilombo timaswana mofulumira, ndipo apa mbiri ya chigwa cha Lea ili ndi nkhani yokoma. Mu 1926 mlimi wina wa tomato anaona kuti ana ena a ntchentche zoyera, amene amamatirira kunsi kwa tsamba, asanduka akuda. Zitafika pa malo a kafukufuku a ku Cheshunt, m'chigwa chomwecho, katswiri wa tizilombo E. R. Speyer anapeza kuti m'kati mwawo munali kamavu kakang'ono kosafika milimita imodzi, Encarsia formosa, kamene kamaikira dzira mwa mwana wa ntchentcheyo, mphutsi yake n'kumudya kuchokera m'kati. Malo a kafukufukuwo anayamba kuweta timavuto n'kumatumiza kwa alimi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha kunabwera mankhwala ophera tizilombo monga DDT, ndipo ntchitoyo inasiyidwa ngati yachikale. Patapita zaka, ntchentche zoyera zinazolowera mankhwala, alimi n'kubwerera kwa kamavu kaja. Lero amakagula pa timakadi timene amapachika pa mitengo ya tomato. Kunja kwa magalasi, alimi a ulimi umenewu amadalira maluwa obzala dala m'mphepete mwa mabedi kuti aitane tizilombo todya nsabwe za m'masamba, maiwe osungira achule odya nkhono zopanda chigoba, ndi maukonde otchingira nkhunda zakutchire, zimene zingathe kumaliza bedi la kabichi m'mawa umodzi.

Kukolola n'kosavuta poyerekeza ndi kugulitsa. Famu ya maekala ochepa siingapikisane ndi masupamaketi pa mtengo wa karoti kapena mbatatesi, zimene zimakumbidwa ndi makina pa minda ya maekala mazanamazana. N'chifukwa chake a OrganicLea anaika mphamvu pa zimene zimafuna manja komanso zosachedwa kufota, makamaka masamba osakaniza odya osaphika, amene amathyoledwa tsamba limodzilimodzi n'kufika kwa wodya asanatope. Amagulitsa ku malesitanti, pa mabenchi a Loweruka ku Walthamstow ndi ku Leytonstone, ndiponso kudzera m'matumba a sabata ndi sabata: banja limalembetsa, limalipira mokhazikika, n'kumakatenga thumba lake pamalo oyandikira. Banjalo silisankha zoikamo, limalandira zimene nyengo yapereka. Zimene Hawkwood siingakwanitse zimachokera ku mafamu ena otsatira ulimi womwewo kunja kwa mzinda. A OrganicLea ali ndi dongosolo lina lotchedwa Cropshare, limene limalola munthu wa kadimba kake kubweretsa zimene zamuchulukira kuti zigulitsidwe pa benchi.

Thumba la sabata limaphunzitsa anthu a m'tauni chinthu chimene anaiwala, kuti chaka chili ndi nyengo yake ya njala. Ku Britain imagwa mu April ndi May, pamene kabichi ndi mizu ya chaka chatha zatha kapena zayamba kutulutsa maluwa, koma zobzala zatsopano zisanakhwime. Zimafanana ndi January ndi February wa kumudzi, chimanga chili chobiriwira m'munda koma nkhokwe ili pululu. Supamaketi imabisa nyengoyi ndi katundu wa pa ndege ndi pa sitima za pamadzi. Mlimi wa pa nazale yakale amaitseka ndi magalasi ake, ndi masamba amene anafesa mu September.

Kudalira zakunja kuli ndi mtengo wake. Britain imalima masamba opitirira pang'ono theka la amene imadya, ndipo zipatso zambiri zimachokera kunja. Mu February 2023 masupamaketi akuluakulu monga Tesco, Asda, Aldi ndi Morrisons anayamba kuwerengera makasitomala tomato, nkhaka ndi tsabola, chifukwa nyengo inali itaipa ku Spain ndi ku Morocco. Pa nthawi yomweyo alimi ambiri a magalasi otenthetsa a m'chigwa cha Lea anali atachedwetsa kubzala, ena osabzala n'komwe, chifukwa cha kukwera kwa mtengo wa gasi. Famu ngati Hawkwood siikanatha kudzaza mashelefu amenewo, ndipo kunena kuti ikanatha kungakhale kunama: tomato wa mu February si wa dziko limenelo. Koma anthu a matumba a sabata analandirabe masamba awo, chifukwa ulimi wake sunamangidwe pa gasi.

Pa nkhani ya ndalama m'pofunika kunena zoona. Masamba okha salipira zonse zimene zimachitika pa Hawkwood. Famuyi ndi sukulunso: imaphunzitsa za ulimi wa masamba mpaka munthu kulandira satifiketi, imalandira anthu odzipereka sabata iliyonse, ena mwa iwo ovutika maganizo kapena amene akhala nthawi yaitali osagwira ntchito, ndipo ili ndi pologalamu yothandiza alimi atsopano kupeza malo ndi msika. Ntchito zimenezi zimayenda ndi thandizo la mabungwe, kuphatikizapo ndalama za National Lottery. Otsutsa amati famu yodalira thandizo ndi manja aulere si bizinesi yeniyeni. Mfundoyo ili ndi mbali yake yoona, ndipo malipiro a olima masamba ku Britain ndi otsika moti achinyamata ambiri amene amaukonda ulimiwu amausiya akafuna kukhala pabanja. Koma otsutsawo amaiwala kuti mafamu akuluakulu akhala akulandira ndalama za boma chaka ndi chaka molingana ndi kukula kwa malo awo. Pa ndondomeko imene inayamba mu 2015 ku England, mlimi ankayenera kukhala ndi mahekitala osachepera 5 kuti alandire. Maekala 12 safika mahekitala 5. Famu yolemba anthu ambiri pa ekala iliyonse, yodyetsa oyandikana nayo, inali kunja kwa mzere, pamene mwini malo a maekala masauzande ankalandira cheke. Chimenechi si chilungamo, ndipo ndi chimodzi mwa zimene Landworkers' Alliance, gulu la alimi ang'onoang'ono limene lili pansi pa mgwirizano wa La Via Campesina, lakhala likumenyera.

Chinanso chimene chimasunga kapena kupha ntchito yotere ndi pepala la lendi. Mtengo wa apulo umatenga zaka zingapo usanabereke mokwanira, mpesa chimodzimodzi, ndipo nthaka ya makande imafuna zaka zambiri kuti isinthe. Palibe munthu wanzeru amene angabzale munda wa zipatso, kukumba dziwe kapena kusintha magalasi a denga lonse pa malo amene angathamangitsidwepo chaka chamawa, ndipo opereka thandizo nawo safuna kuika ndalama pamalo otero. Pa Hawkwood pali mitengo ya zipatso ndi munda wa mpesa chifukwa khonsolo inavomera pangano la zaka zambiri, m'malo mwa chilolezo chongowonjezera chaka ndi chaka. Makhansala amene anavomereza zimenezi anachita chinthu chovuta, chifukwa phindu lake silioneka mu bajeti ya chaka chimodzi.

Chitsanzochi chinayenda. Mu 2012 bungwe la Growing Communities la ku Hackney linatsegula famu pa nazale ina yakale ya khonsolo ku Dagenham, kum'mawa kwa London. Mu 2017 khonsolo ya Haringey itasiya kuyendetsa nazale ya Wolves Lane ku Wood Green, yodziwika ndi nyumba zake za magalasi zosungiramo migwalangwa ndi zomera za m'chipululu, magulu a m'deralo anaitenga, ndipo OrganicLea ndi Ubele Initiative ndi amene akhala patsogolo poiyendetsa. Pamenepo ndi pamene pali Black Rootz, gulu la alimi akuda, agogo ndi adzukulu pamodzi, limene limalima masamba ndi mbewu za ku Africa ndi ku Caribbean, monga bonongwe amene anthu a ku Jamaica amamutcha callaloo. Ku Britain ulimi ndi imodzi mwa ntchito zimene anthu akuda ali ochepetsetsa, ndipo chowatsekereza chachikulu ndi malo.

Ku Wolves Lane amanganso nyumba zatsopano zophunziriramo, zosungiramo zokolola ndi zochitiramo misonkhano, ndi thandizo la ofesi ya Meya wa London ndi National Lottery. Makoma ake ndi a matabwa ndi mitolo ya mapesi a tirigu yotsindira, yomata ndi dothi ndi laimu, ndipo ena mwa anthu a m'deralo anaphunzira kamangidwe kameneka pogwira nawo ntchitoyo.